Zala za nyamakazi ndi mfuti yonyamula m'chiuno

Laisensi yanga ya mfuti yatuluka sabata yatha, patapita miyezi yambirimbiri ndikungodikira. Mtima wakhala m'malo tsopano, koma pali Loweruka limodzi lomwe ndikalikumbukira ndimatukusirabe.

Ndili ndi zaka 67, ndakhala kuno ku Johannesburg zaka zoposa 20, ndipo nyamakazi inandilowa m'zala moti botolo la mafuta ophikira amanditsegulira ndi mdzukulu. Ngati mulibe unzika wa kuno kapena permanent residence (chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale), musatayepo nthawi, lamulo la mfuti la kuno, Firearms Control Act ya 2000, silikulolani. Za maphunziro, mayeso ndi fomu ya kupolisi ya SAPS 517 ya competency (satifiketi yoti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti) sindichulukitsa gaga, akakuuzani okha kusukulu ya mfuti.

Chomwe palibe anandiuza n'chakuti mfuti umayamba wagula, nambala yake n'kulembedwa pa fomu yopemphera laisensi ya SAPS 271, iyo n'kutsala m'sitolo mpaka laisensi itatuluka. Ndipo pa Section 13 ya lamulo lija, ya mfuti yodzitetezera, amakulola imodzi yokha. Ukasankha molakwa, ulendo wonse uuyambirenso.

Ndiye ndinalowa m'sitolo ina. Mnyamata wa pakauntala anangoona imvi, basi n'kutulutsa karivolova kakang'ono. "Madala, yanu ndi iyi, yopepuka, yosavuta." Kanakwanadi m'dzanja ngati foni. Ndinalipira dipoziti osawomberapo n'kamodzi komwe. Abale anzanga, musalipire musanawombere.

Mwayi wanga unali woti mnzanga wa kutchalitchi ananditengera kumalo ophunzirira kuwombera, komwe ndinabwereka ya mtundu womwewo. Trigger (kokokera ndi chala powombera) ya marivolova ang'onoang'ono imafuna mphamvu pafupifupi makilogalamu 5 pa chala chimodzi. Chipolopolo chachitatu chala chinayamba kunjenjemera, chachisanu ndinachita kuthandizira ndi chala cha dzanja linalo. Komanso mfuti ikapepuka m'pamene imakankha kwambiri, chifukwa palibe kulemera komwe kungamwe mphamvu ya kuphulikako. Zonse zimathera m'mfundo za zala. Usiku umenewo supuni inandikanika kugwira.

Loweruka lija ndinakwera mataxi awiri kubwerera kusitolo kuti ndikasinthe. Mnyamata uja kulibe. Bwana ali kunkhomaliro. Ndinakhala pa benchi kuyambira 10 koloko mpaka dzuwa kupendeka, n'kudzauzidwa kuti gawo la dipoziti silibwezedwa, zinalembedwa kuseri kwa lisiti m'timalemba tonga nyerere. Magalasi ndinali nditawaiwala kunyumba tsiku logulalo, cholakwa changa ndi chimenecho. Koma munthu wogulitsa mfuti tsiku ndi tsiku osandifunsa n'komwe kuti manjawa ali bwanji?

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono, ndaiwala za sefa, bokosi lachitsulo losungiramo mfuti. Gulani yovomerezeka, muikhomere kukhoma ndi mabawuti musanapereke mafomu, ndipo muijambule zithunzi.

Yomwe ndinatenga pamapeto ndi Smith & Wesson M&P Shield EZ ya .380, zipolopolo zomwe kuno amati 9mm short. Slide yake, chitsulo cha pamwamba chomwe umakokera m'mbuyo kuti chipolopolo chilowe mumpope, imakokeka mofewa, ndipo magazini, momwe mumakhala zipolopolo, ili ndi timakutu m'mbali totsitsira sipuling'i, ndiye chala chachikulu sichivutika polowetsa zipolopolo. Ili ndi vuto lake: kumbuyo kwa chogwirira kuli safety (kachitsulo koletsa mfuti kulira mwangozi) yomwe imafuna chikhatho chiikanikize, ukaigwira mwaulesi siyilira. Masiku ozizira a June, zala zitauma, ndinayenera kuzolowera kuigwira m'mwamba. Ndinayesanso Beretta Tomcat ya .32, yomwe mpope wake umatseguka n'kuyang'ana kumwamba, chipolopolo choyamba umangochiika ndi dzanja osakoka slide. Nzeru yabwino, koma chogwirira chake chinandichepera.

Mphunzitsi wa kumalo kuja anandionetsanso kuti slide osamaitsina ndi nsonga za zala. Ivindikireni ndi chikhatho chonse, muiyandikize pachifuwa, dzanja logwira mfuti likankhire kutsogolo. Kusiyana kwake n'kwakukulu.

Lamulo la kuno limati mfuti ya m'manja ikhale mu holster (kachikwama ka mfuti) kapena chonyamulira china choyenera, ndipo ibisike yonse pagulu. Lamba wanga wakale ankagwa ndi kulemerako, ndinagulanso wina wolimba. Laisensiyi ndi ya zaka 5, ndipo pempho loikonzanso liyenera kulowa kusanatsale masiku 90 kuti ithe. Tsikulo ndalilemba kale mkati mwa chitseko cha wadiropu.

Kabwerekeni mfuti zitatu kapena zinayi, muwombere iliyonse, makamaka m'mawa zala zisanamasuke, kenako muzipita kokalipira. Magalasi musasiye.