Elk yanga yoyamba inali ndi ndevu ndi magalasi

Ku Colorado, m'dziko la America, nyengo yosaka elk (nyama yonga gwape koma yaikulu zedi) ndi uta imayamba pa 2 September n'kutha pa 30 September. Ndi mwezi umene nkhunzi zimalimbirana zazikazi, ndiye zimalira mapiri onse, ndipo mlenje wodziwa kuziyankha amatha kuitana chinyama cha makilogalamu 300 mpaka chifike poti n'kuchilasa. Alipo anthu olipidwa amene amakukweza pa hatchi, kukuphikira, kukuitanira nyama, iwe yako n'kungokoka uta. Mtengo wawo ndi madola masauzande angapo. Nditauona ndinatseka kompyuta n'kulengeza pabalaza kuti ine ndipita ndekha.

Za mapepala sizivuta. Aliyense wobadwa kuyambira pa 1 January 1949 ayenera kukhala ndi satifiketi ya maphunziro a ulenje, kenako laisensi ya Colorado Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire. Kuyambira 2025 alendo ochokera kunja kwa Colorado ofuna laisensi ya uta, m'madera ambiri amayamba alowa m'mayere, koma ife okhala momwemo timagulabe pakauntala laisensi ya madera ambiri. Kabuku ka malamulo muwerenge konse, chifukwa m'madera ambiri nkhunzi yololedwa ndi ya mphanda zinayi panyanga imodzi, kapena ya mphanda yapachipumi yofika mainchesi 5.

Uta wake ndi wa compound, uja wa timawilo kumapeto. Lamulo likuti mphamvu yokokera isachepere mapaundi 35, koma osaka elk ambiri amaika pakati pa 60 ndi 70. Manambalawo asakunyengeni. Khalani pampando, kwezani mapazi, kokani nsinga pang'onopang'ono osaloza kumwamba. Mukalephera, uta wakukulirani, tsitsani. Kutchire mudzakoka mutagwada, zala zitauma ndi chisanu, ndipo nkhunzi ikaima kuseri kwa mtengo mudzagwira nsingayo chikokere mphindi yathunthu.

Pamene ambiri amagwa ndi pansonga. Munthu amaphunzira miyezi yonse ndi nsonga wamba, sabata yomaliza n'kumanga broadhead, nsonga ya timipeni yomwe lamulo likuti isachepere 7/8 ya inchi m'lifupi. Timipenito timagwira mphepo, ndiye ngati muvi sukutuluka mowongoka, pamayadi 40 umakagwa kwina. Yanga inkagwa kumanzere, chikhatho chathunthu. Mankhwala ake ndi kusuntha pogonera muvi pang'ono zedi, osafika milimita imodzi, kulowera komwe kukugwa mivi ya nsonga wamba, n'kuponyanso, mpaka magulu awiriwo akumane. Mukathamangira kusuntha sight, kachitsulo kopimira kapauta, mwangophimba matenda.

Miyendo nayo ili ndi zake. Denver ili pamamita 1,609, pamene elk mu September zimakonda pakati pa mamita 2,700 ndi 3,300. Ndiye kuti tenti mukukaimanga pamsinkhu wa Sapitwa, kukacha n'kuyamba kukwera. Thirani mchenga wa makilogalamu 20 m'chikwama muzikwera nawo masitepe, jombo muzivale miyezi iwiri zisanaone phiri, ndipo mapu a pulogalamu ya onX muwasunge mufoni muli kunyumba, poti kumtundako netiweki kulibe ndipo malire a nkhalango ya boma ndi malo a anthu saoneka ndi maso.

Zonsezi ndinachita bwinobwino. Chinandilowa m'magazi ndi kalipenga koitanira elk.

Ndi kachitsulo kopindika ngati chilembo U, kokhala ndi kalabala kopyapyala pakati, kokutidwa ndi tepi. Mumakamata kudenga kwa m'kamwa, mbali yotseguka kuloza kumano, lilime n'kukankha labala, mpweya kumadutsa pakati. Mukakankha kwambiri mawu amakwera, mukafewetsa amatsika. Kulira kwa yaikazi n'kwakufupi, kumayambira pamwamba n'kugwa. Kwa nkhunzi mumawonjezera chipaipi cha pulasitiki: mumayamba ndi kubangula pansipansi, kukwera mpaka mluzu, n'kutsiriza ndi kudzuma kochokera m'mimba. Masiku oyamba chotuluka ndi malovu ndi mseru basi. Mukadula tepi pang'ono m'mbali ndi sizasi, mseru umatha. Ndipo musakasiye m'galimoto padzuwa, labala amafooka.

Ndinayambira m'bafa. Tsiku lina agogo a khomo loyandikana anagogoda, nkhope ili yachisoni, kudzafunsa ngati galu wathu tapita naye kwa dokotala. Galu tilibe. Mayi akunyumba anagamula mlandu pomwepo: "Abambo, ngati mukufuna kulira, muzikalirira m'galimoto." Ndiye ndinkalira pamsewu wa I-25, kupita kuntchito ndi pobwerera, mawindo otseka. Pofika August kulira kwanga kunali kosalala, kopanda chilema, chimodzimodzi aja a pa YouTube.

M'nkhalango ya White River ndinanyamuka kusanache. Mphepo ya m'mapiri ili ndi ndondomeko yake: m'mawa mpweya wozizira umatsika ndi phiri, dzuwa likatenthetsa nthaka umatembenuka n'kuyamba kukwera. Elk ikakuonani kapena kukumvani mwina ingakukhululukireni, koma ikakununkhizani basi kwatha, ndiye m'mawa mumaiwendera kuchokera kumunsi, mukufinya kabotolo ka ufa woyera kuti muone komwe mpweya ukulowera. Ufa unkatsika bwinobwino. Ndinaika chipaipi pakamwa n'kulira.

Ndisanapume n'komwe, yankho linabwera kuchokera kutsidya kwa khwawa. Abale, mawondo anagundana. Ndinakwera pang'ono, ndinaliranso, inayankhanso nthawi yomweyo. Ndikadzuma, iyonso inkadzuma. Ndinasintha n'kulira ngati yaikazi, kutsidyako kunaliranso yaikazi, ine mumtima ndinati eya, mkuluyu ali ndi mitala. Ndinatola chikuni n'kuyamba kukwapula kamtengo, monga imachitira nkhunzi yolusa ikamapala nyanga. Kutsidyako nakonso kamtengo kanayamba kulandira zikwapu.

Tinayandikirana choncho mpaka dzuwa kufika pamwamba pa mitengo. Ndinagwada kutsogolo kwa chitsamba, osati kuseri kwake, kuti nthambi zisatchinge muvi. Ndinayeza mitengo itatu ndi rangefinder, kachipangizo koyezera mtunda, wapakati unali pamayadi 30. Muvi pansinga, release (kachida kokokera nsinga) itakola kale, maso pomwe pakhale kuseri kwa mwendo wakutsogolo, pamapapo. Nsinga sindinakoke, chifukwa sukoka usanaione nyama yonse ndi kuwerenga mphanda zake. Nthambi inathyoka. Ina inathyokanso. Kenako pamtengo wa mayadi 30 uja panatulukira chipewa, pansi pa chipewa magalasi, pansi pa magalasi ndevu zoyera, ndi chipaipi chofanana ndi changa chili lende pachifuwa.

Tinayang'anana. Aliyense anachotsa muvi pansinga mwaulemu, kalipenga kali chikhalire m'kamwa, moti moni wanga woyamba unatuluka ngati yaikazi.

"Mwana wanga," anatero achikulirewo, "ndakuwendera kuyambira kumdima."

"Nanenso, bambo. Ndimati ndinu wa mphanda zisanu ndi imodzi."

"Ine ndimati ndiwe kankhunzi kodwala, kosavuta kulasa."

Anakhala pachipika n'kuyamba kundiphunzitsa zimene iwonso anaziiwala m'mawa umenewo. Akuti nkhunzi yeniyeni siyankha kulira kulikonse, nthawi zina imangokhala chete n'kubwera mozemba, kuzungulira kuti ikununkhize. Mawu ake ndi osasa, amathyoka pakati, amathera m'malere. Ikayankha kawiri kuchokera pamalo amodzimodzi, mawu ake osalala, ndipo pafupi pali njira ya anthu, dziwa kuti ili ndi laisensi m'thumba. Ikakhala pafupi umamva ziboda pamiyala ndi fungo lake lamphamvu. Ndinawafunsa kuti nanga inu odziwa zonsezi mwafika bwanji pano. Anati makutu anakalamba.

Tili mkati moseka, kumtunda kwathu kunamveka kukuwa kamodzi, kwakufupi, kouma. Ndi mmene yaikazi imachenjezera zinzake. Ndinafinya kabotolo, ufa unakwera phiri. Mpweya unali utatembenuka kale, ukunyamula fungo la alenje awiri otuluka thukuta kupita nalo kugulu lomwe linali chiimire pamwamba pathu, mwina kumvetsera konsati yonse. Tinangoona matako oyera akulowa m'mitengo, phiri lonse lili gugugu.

Kumapeto kwa sabata, madzulo, tochi inawala patenti yanga. Anali achikulire aja. Analasa yaikazi kuseri kwa phiri, ndipo anakumbukira kuti ndinadzitama za mchenga wanga wa pamasitepe.

Elk siikokedwa, imagawidwa pomwe yagwera, ndipo mu September mumapikisana ndi kutentha. Tinaisenda mbali imodzi osatumbula, kuchotsa mwendo wakutsogolo ndi wakumbuyo, nyama ya m'mbali mwa msana, ya pakhosi ndi ya panthiti, kenako kulowetsa dzanja kuseri kwa nthiti yomaliza kuti tichotse kanyama kofewa kamkati. Tinaitembenuza n'kubwereza. Chiwalo chilichonse chinalowa m'thumba la nsalu lopita mphepo, osati la pulasitiki, n'kupachikidwa pamthunzi kuti chizizire. Chizindikiro chosonyeza kuti ndi yaikazi chiyenera kutsala cholumikizika ku chiwalo chimodzi, ndipo kusiya nyama yodyeka kutchire ndi mlandu. Mwendo wakumbuyo umodzi ndi fupa lake umaposa makilogalamu 20. Mumaumanga pafupi ndi msana, lamba wa m'chiuno n'kumangitsa kuti katundu akhale pamafupa a chiuno, osati pamapewa. Achikulire ananyamula uta, tochi ndi nkhani. Miyendo ya elk inadutsa pamsana panga.

Anandipatsa nyama ya pamsana, yabwino koposa, pamodzi ndi kapepala kolemba nambala ya laisensi yawo, poti nyama yopatsidwa lamulo limafuna umboni. Kunyumba tinaiotcha Loweruka, tinaitana ndi anzathu. Mmodzi atafunsa kuti ndinailasa pamayadi angati, mayi akunyumba anayankha ndisanameze nthuli:

"Awa alamu anu anapita ngati mlenje, koma ntchito anakaipeza ya mtengatenga."