Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Mwezi umene ndinaphunzira ntchito ya pa kauntala ya banki

Mu gawo lapitalo ndinalekezera pamene kalata yondiitana ku ntchito inafika kwathu ku Mabvuku, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, bambo anga n'kuiwerenga kawiri konse asanandipatse. Munali mu July chaka cha 2006, ndili ndi zaka 21. Banki imene inandilemba inkafuna munthu wokhoza maphunziro asanu a O-Level, kuphatikizapo Chingelezi ndi masamu. Bambo, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata m'nthawi ya chitaganya kudzafuna ntchito mu mzinda uno ukutchedwabe Salisbury, sanachulutse mawu. Anangoti, "Mwana wanga, kumeneko ukagwira ndalama za eni ake. Usakatichititse manyazi."

Tinalipo khumi ndi awiri m'chipinda chophunzirira, ndipo tsiku loyamba palibe amene anakhudza ndalama. Tinayamba ndi kusaina pepala lolumbira kuti sitidzaulula za akaunti ya munthu aliyense, ngakhale kwa mkazi wake kapena kwa mbusa wake. Ndinkaona ngati ndi mwambo chabe, kufikira Lamlungu lina pamene mayi wina wa ku mpingo wathu wa CCAP anandikokera pambali kuti ndimuonereko ngati malipiro a mwamuna wake alowa. Ndinakana mwaulemu, ndipo mayiyo anatha miyezi iwiri osandipatsa moni.

Kenako anatiphunzitsa kuwerenga ndalama ndi zala, ngakhale makina owerengera analipo. Mapepala 100 a mtundu umodzi amapanga mtolo umodzi, nkhope zonse zitayang'ana kumodzi. Ndalama zimawerengedwa kawiri mwini wake akuona, ndipo siziponyedwa m'dirowa munthuyo asanavomereze chiwerengero. Pa cheke tinkayenera kuona ngati deti lake silinapitirire miyezi isanu ndi umodzi, ngati ndalama zolembedwa m'mawu zikufanana ndi zolembedwa m'manambala, komanso ngati siginecha ikugwirizana ndi imene mwini akaunti anasiya potsegula. Anatiuzanso kuti chipinda chosungira ndalama sichitsegulidwa ndi munthu mmodzi, koma awiri, aliyense ndi kiyi wake, ndiponso kuti ukachoka pa kauntala ngakhale kwa mphindi imodzi uzikhoma dirowa ndi kutseka kompyuta. Za debit ndi credit zinandizunguza mutu masiku atatu, chifukwa kusukulu sindinaphunzirepo akaunti, mpaka ndinaloweza kuti munthu akaika ndalama, mbali ya ndalama za m'dirowa mwanga imalembedwa debit ndipo akaunti yake imalembedwa credit.

Maphunzirowo anayenera kutha masabata anayi, koma sanathe. Pa 31 July, gavanala wa Reserve Bank of Zimbabwe, a Gideon Gono, analengeza kuti kuyambira pa 1 August maziro atatu achotsedwa pa ndalama, ndipo anthu anapatsidwa mpaka pa 21 August kuti akhale atasintha ndalama zakale za mapepala zotchedwa bearer cheque. Nthambi zonse zinasefukira, ndipo ife ophunzira anatigawa m'nthambi za m'tauni tisanalembe mayeso omaliza. Mpaka lero ndimaona kuti kunali kutiponya m'madzi akuya tisanadziwe kusambira, ngakhale ndikumvetsa kuti akuluakulu analibe pothawira.

Tsiku lachinayi ndili pa kauntala, panafika agogo ena ovala jekete lakuda lothetheka m'zigongono, atanyamula thumba la ufa lomanga pakamwa ndi chingwe. Chishona chawo chinali cha mtundu umene ndinauzolowera kunyumba, choncho ndinawayesa m'chinenero chathu: "Muli bwanji, agogo?" Anandiyang'anitsitsa kudzera pa galasi, n'kuyankha kuti, "Ndili bwino mdzukulu wanga, kaya iwe. Kodi ndiwe wa kumudzi?" M'thumbamo munali mapepala a 50,000 okwana 900, ndiye kuti madola 45,000,000 akale, zimene anasunga kuchokera ku penshoni ndi ku lendi ya chipinda. Nditawauza kuti m'buku mulembedwa 45,000, nkhope yawo inagwa, poganiza kuti awabera masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinawafotokozera pang'onopang'ono kuti buledi nayenso wachotsedwa maziro atatu, ndipo chimene ankagula dzulo adzagulabe lero. Anadinda chala pa fomu popeza sankatha kulemba, anandidalitsa, n'kumapita. Ine mtima unali m'mwamba, ndikudziona ngati katswiri.

Titatseka zitseko, aliyense anayamba kubalansa, ndiye kuti kufananiza ndalama za m'dirowa ndi zimene kompyuta ikunena. Kwa ine kunaperewera madola 405,000 atsopano. Ndinawerenga mitolo katatu, manja akunjenjemera, ndikuganiza za bambo komanso za apolisi, chifukwa tinauzidwa kuti shoteji yosadziwika gwero lake imachotsetsa ntchito. Anzanga sakanatha kuweruka ine ndisanabalanse, ndipo maso awo ankandiuza zimenezo.

Asupavaiza athu, mayi wofatsa amene anagwira ntchitoyi zaka zoposa makumi awiri, anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Sanandikalipire. Anati, "Usawerengenso ndalama. Tenga nambala yoperewerayo, uigawe ndi 9." Ndinagawa, ndipo yankho linali 45,000 ndendende, popanda chotsala. Anandifotokozera kuti kusiyana kukagawika ndi 9, kawirikawiri ndalama sizinasowe, koma munthu watembenuza manambala kapena wawonjezera ziro, ndipo ngati vuto ndi ziro mmodzi, yankho limakhala ndalama yeniyeni imene inayenera kulembedwa. Tinafufuza m'mafomu a tsikulo kufuna 45,000, ndipo tinaipeza pa fomu yokhala ndi chidindo cha chala. Ndili mkati mocheza ndi agogo aja, ndinachotsa maziro awiri m'malo mwa atatu, n'kulemba 450,000 mu akaunti yawo. Njira imeneyi m'kalasi muja sanatiphunzitse, mwina chifukwa inali m'sabata yachinayi imene sitinafikeko.

Tinakonza cholakwikacho tonse awiri titasaina, ndipo ndinalemba lipoti lalifupi limene linalowa m'failo yanga. Ndinafika ku Mabvuku cha m'ma 9 koloko usiku pa kombi yomaliza, bambo akundidikira panja. Mmawa mwake asupavaiza aja anandipatsa fomu ya Institute of Bankers of Zimbabwe, n'kunena kuti ngati sindikufuna kukalambira pa kauntala ndiyambe satifiketi yawo, ndiziwerenga akaunti, malamulo ndi zachuma madzulo. Ndinalembetsa ndi malipiro anga oyamba. Za mayeso amenewo, komanso za mizere ya 2008 pamene maziro khumi anachotsedwanso, ndidzafotokoza mu gawo 8.