Tsiku limene ndinalembera agogo ena zisa za mbalame ku Tring

Abale, Loweruka lapitali ndinali nditangomaliza mashifiti anayi ausiku motsatizana, mutu uli zii, ndiye mmalo mogona tsiku lonse ngati mwa masiku onse ndinati ayi lero ndikapitidweko mphepo kwina. Mnzanga wakuntchito ndi amene anandiuza za madamu a ku Tring kuno ku England, akuti kuli phee komanso polowa salipiritsa. Ndinakwera sitima pa Milton Keynes, ulendo wake sukwana ndi ola lomwe. Koma ndikuchenjezeni, siteshoni ya Tring ili patali ndi tauni yake, musaganize kuti mukangotsika mupeza golosale pompo. Tengeranitu madzi ndi kachakudya. Ndipo jekete musasiye ngakhale dzuwa likuwala bwanji, June wa kuno sadalirika, ine ndinanyamuka ndi kajuzi kokha.

Ngalande ya Grand Union imadutsa pafupi ndi siteshoni, ndiye ndinangotsata kanjira ka m'mbali mwake kudutsa Bulbourne mpaka ku Marsworth. Za m'njiramo ndilibe zambiri, mabwato, agalu, anthu othamanga basi. Madamu alipo anayi, Marsworth, Startop's End, Tringford ndi Wilstone lomwe ndi lalikulu pa onse, ndipo sanawakumbire madzi akumwa ayi, anawakumba zaka zoposa 200 zapitazo kuti azithira madzi mu ngalande ija.

Nditafika pa chikhoma cha pakati pa Marsworth ndi Startop's End kamvula kowaza kanayamba, mphepo ikubaya mpaka m'mafupa. Apo ndi pamene ndinawaona agogo ena achizungu, tsitsi lonse mbuu, atawerama pa telesikopu yoima pa miyendo itatu. Kwathu sitidutsa munthu wamkulu osapereka moni ndiye ndinawapatsa. Sanadzutse mutu, anangokweza chala kuti dikirani, milomo ikuyenda ngati akupemphera. Patapita kanthawi anawongoka n'kundiuza kuti, "Pepani mwanawe, ndimawerenga. Tabwerani muone, koma musakhudze miyendoyi."

Ndinaika diso. Poyamba ndinangoona bango ndi madzi, kenako mbalame ya khosi lalitali loyera, mlomo wosongoka ngati mkondo, kumutu ili ndi tinthenga takuda tiwiri ngati nyanga, m'masaya nthenga zofiirira zolendewera. Amaitcha great crested grebe. Imayandama phee, nthenga zakumsana zitatukumuka. Mwadzidzidzi pakati pa mapiko panatuluka kamutu kamizeremizere yakuda ndi yoyera ngati mbidzi, kenanso kamutu kachiwiri. Yabereka ana kumsana! Ndendende mmene mayi amaberekera khanda popita kumunda, kungoti chitenje chake ndi mapiko. Inzake inavuuka chapafupi ili ndi kansomba kukamwa, kamwana kamodzi n'kutambasula khosi kulandira kali pamsana pomwepo. Ndinaiwala kuti ndikuzizidwa. Kenako kholo lija linazula kanthenga pachifuwa pake, n'kukanyowetsa, n'kumwetsa mwana. Ndinafunsa kuti kodi ndi njala? Agogo aja anati ayi, mbalamezi zimameza nthenga dala ndipo zimayamba kudyetsa ana akadali aang'ono, akatswiri amati zimateteza m'mimba ku minga ya nsomba.

Ataona ndikunjenjemera anatsegula chikwama n'kutulutsa jekete yamvula yobiriwira, yakale ndithu yong'ambika pathumba, anati valani. Ndinayesa kukana mwaulemu, iwo anangondikoleka paphewa. Kenako anati popeza magalasi awo akuchita nthunzi ndipo zala zaumira, bwanji ine ndigwire kope ndizilemba iwo azinena. Ndi mmene ndinapezera ganyu yosalipidwa ya maola awiri, ndipo sindikudandaula ngakhale pang'ono.

Ntchito yake si yongoti mbalame zilipo zingati. Kopelo linali ndi mapu ojambula pamanja, chisa chilichonse chili ndi nambala yake, ndiye pa nambala iliyonse umalemba tsiku, ngati pali kholo lokhalira mazira, ngati aswa, ana angati, ndipo akula kufika pati poyerekeza ndi kholo. Amalemba ndi pensulo chifukwa bolopeni imakana papepala lonyowa. Amadutsa njira imodzimodzi, kuima malo amodzimodzi, m'mawa, kuti za sabata ino zifanane ndi za sabata yatha. Ndipo pamafunika kudekha, chifukwa mbalameyi ikamira apa imakavuukira uko, ukapupuluma uiwerenga kawiri. Ana obisala kumsana nawo sungawadziwe mpaka kholo litadzikutumula n'kuwagwetsera m'madzi. Pena tinaima mphindi 20 kudikira zimenezo basi. Kuyandikira chisa n'koletsedwa kwa iwo, akuti kholo likathawa limaphimba mazira ndi ndere koma akhwangwala ndi ochenjera, amakhala akuyang'ana.

Chimene chinandikhudza ndi chisa nambala 4. Chisa cha grebe ndi mulu wa ndere ndi zomera zowola woyandama pamadzi, womangirira ku bango kapena ku nthambi. Ichi tinachipeza chili pamatope, madzi atachisiya mapazi angapo, chopanda mwini. Agogo aja anafotokoza kuti bwato lililonse likamadutsa m'zitseko za ngalande ija limatsitsa madzi ambirimbiri, ndipo Tring ali pamwamba, ndiye nyengo yotentha mabwato akachuluka mvula n'kuchepa, madamu amaphwa. Miyendo ya grebe ili kumbuyo kwenikweni kwa thupi, pamadzi ndi katswiri koma pamtunda imangokwawa movutika, ndiye madzi akathawa chisa, kukhalira mazira masiku pafupifupi 28 sikutheka, nkhandwe nazo zimangofika wapansi. Ndinafunsa kuti nanga bwanji osangochikankhira m'madzi? Anapukusa mutu, anati, "Ife timalemba zimene zachitika mwanawe. Lembani 0." Dzanja linalemera koma ndinalemba. Anati 0 ameneyo ndi wofunika ngati ana awiri aja, chifukwa ukamalemba zabwino zokha palibe adzadziwe kuti vuto lili pati.

Tili pa benchi kumwa tiyi wa mu fulasiki yawo, kapu imodzi kulandirana, anandiuza mbiri yake. Cha m'ma 1860 mbalamezi zinangotsala mabanja pafupifupi 50 m'dziko lonse la Britain chifukwa ankazipha kuti nthenga zofewa za pachifuwa azikongoletsera zipewa ndi zovala za amayi. Bungwe loteteza mbalame la RSPB linayamba mu 1889, amayi ndi amene analiyambitsa pokana malonda a nthengawa. Ndipo pa madamu omwewa mu 1912 katswiri wa zamoyo Julian Huxley anakhala masiku akuonerera mmene ma grebe amafunsirana, kupukusirana mitu, kumira n'kuvuuka ndi ndere kukamwa kenako kuimirira pamadzi chifuwa ndi chifuwa, zimene anasindikiza mu 1914. Mu 1931 kunachitika kalembera wa mbalame imeneyi dziko lonse, anthu wamba ongodzipereka ndi amene anayenda m'madamu ndi m'nyanja. Gule wofunsirana uja ine sindinamuone, akuti ndibwere February kapena March.

Ine maganizo anali atapita kwathu ku Zomba. Tili ana tinkaona timbalame tating'ono pa madamu, timati tibakha, tikangoponya mwala timamira n'kukavuukira kutali. Agogo aja atandionetsa chithunzi cha little grebe m'buku lawo ndinazindikira kuti ndi tomweto, ndipo n'zoona timapezeka ku Malawi. Ife tinkangodziwa legeni ndi ulimbo, mbalame inali ndiwo basi, ndipo sindikunyoza chifukwa ku Chilwa mabanja ambiri amadalira mbalame nsomba zikasowa. Koma zinandipweteka kuti zaka zonsezo sindinafunsepo kuti timaikira kuti, timaswa ana angati, chaka chino tachuluka kapena tachepa.

Chondinyansa chinali agalu. Anthu amangowamasula, galu thii kulowa m'bango momwe muli zisa, mwini wake ali pa foni. Agogo aja anadzudzula bambo wina mwaulemu, iye anangoti galu wanga saluma. Ngati kuti nkhani ndi yoluma! Chinanso, pobwerera ndinagula tiyi ndi kakeke pa malo ena odyera pafupi ndi ngalande, mapaundi 7 anapita, tiyi wake wozizira. Nyamulani fulasiki yanu. Nsapato zikhale zoti simuzimvera chisoni, matope alipo. Mukakhala ndi ana pitani nawo ku myuziyamu ya Natural History m'tauni ya Tring, ija anayambitsa Walter Rothschild yemwe ankakoketsa ngolo ndi mbidzi, polowa ndi ulere.

Jekete ndinabweza posiyana. Ndili mu sitima ndi pamene ndinapeza kuti pensulo yawo ndabwera nayo m'thumba la juzi. Anati pakatha masabata awiri adzakhala pa chikhoma pomwepo 7 koloko m'mawa kukaona ngati ana awiri aja apulumuka ku pike, chinsomba cholusa cha m'madamumo. Shifiti ya tsikulo ndasinthana kale ndi mnzanga.