Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Masiku a ku Biafra

Mu gawo lapitalo ndinalekezera pomwe banja lathu linasamuka ku Thyolo kubwera mu Ndirande, bambo atapeza ntchito pa fakitale ina ku Makata. Lero ndikambe za mpira, poti ubwana wanga sungafotokozeke popanda iwo.

M'nyumba mwathu munali zipani ziwiri, ngakhale dziko linali la chipani chimodzi. Bambo anali a Maule, a Bata Bullets enieni. Amalume, achimwene awo a amayi, omwe tinkakhala nawo pofuna ntchito m'tauni, anali a Noma, timu ya Wanderers. Matimu awiriwa akati akumane, kuyambira Lachinayi anthu awiriwa ankadya nsima mbale imodzi koma osayang'anana. Ine ndinatsata bambo, ndipo amalume sanandikhululukire mpaka tsiku lomwe anatisiya. Ankangoti, "Iwe mphwanga, mwana amatsata kuchimuna kwa amake. Walakwira mwambo."

Achinyamata a lero amadabwa ndikawauza kuti kanema wa dziko lino anayamba mu 1999. Zaka zonse za m'mbuyomo mpira tinkauonera m'makutu. Bambo anali ndi wayilesi ya Nzeru yomwe ankaivindikira ndi kansalu koluka, ndipo mabatire ake tinkawayanika padzuwa padenga kuti apeze mphamvu yomalizira gemu. Pa MBC, Steve Liwewe Banda ankaulutsa m'Chingerezi, Pearson Chunga m'Chichewa, ndipo anthu a nyumba zinayi ankadzaza pakhonde pathu. Mu 1978, ine ndili kamwana ka Sitandade 1, Flames ya mphunzitsi Ted Powell inaswa Zambia 3-2 mu ndime yotsiriza ya chikho cha East and Central Africa, mpikisano ukuchitikira konkuno. Zigoli zake sindingazifotokoze. Chomwe chinanditsalira n'chakuti amayi ena oyandikana nafe, omwe mpira sankaudziwa n'komwe, anatuluka ndi chiwaya ndi chipande n'kuyamba kuimba m'njira, ndipo bambo ndi amalume anakumbatirana ine ndikuona. Chaka chotsatira chikho chomwecho tinakachitenganso ku Kenya.

Ife ana tinali ndi wathu, wachikulunga. Mapepala a shuga ndi a buledi, nsanza pakati, kunja kumanga ndi linya kapena mphira ya chubu cha njinga. Wodziwa kuluka ankalemekezedwa kuposa wodziwa kugoletsa, chifukwa akakwiya n'kunyamula mpira wake gemu yathera pomwepo. Magolo anali miyala iwiri, ndipo mpira ukadutsa m'mwamba mkangano wake unkatha ndi zibakera. Aliyense ankadzitcha dzina. Wothamanga ndi mpira anali Kinnah, wodyetsa anzake njomba anali Lule (Lawrence Waya), wotchinga kumbuyo mosachita phuma anali Jack Chamangwana kapena Young Chimodzi. Ine, poti ndinali wonenepa komanso waulesi pothamanga, ankandiika pagolo n'kumanditcha Maganga, dzina la goloboyi Boniface Maganga, ngakhale zigoli zinkandidutsa m'mphechepeche.

Amene anayamba kunditengera ku Kamuzu Stadium anali amalume omwewo, poganiza kuti ndikaona Limbe Leaf Wanderers ndi maso ndidzatembenuka mtima. Tinkayenda pansi kuchokera mu Ndirande, kudzera ku Ginnery Corner mpaka pa Chichiri, ndipo m'njira gulu linkakula lokha, ena akutulukira ku Chitawira, ena ku Zingwangwa, ena atatsika basi ya UTM kuchokera ku Limbe ndi ku Bangwe. Pageti mwana sankafunsidwa zambiri ngati wagwira dzanja la munthu wamkulu. Nditakulako ndinkapita ndekha, n'kuima pafupi ndi mzere kusakasaka bambo wankhope yachifundo. "Bambo, ndigwireni mkono ndilowe nanu." Ena ankakukankha, koma ambiri ankangotambasula dzanja osakuyang'ana n'komwe, mukadutsa pageti n'kukusiya. Zikakanika, tinkadikira kunja kumvetsera phokoso, mpaka atatsekula mageti gemu ili pafupi kutha, n'kuthamangira m'kati kukaona mphindi zotsalazo.

Malo athu anali ku Biafra, kumasitandi opanda denga. Simenti yake inkatentha matako mwezi wa Okutobala, mvula ikagwa munkanyowa nonse pamodzi, ndipo palibe ankachoka. Kumeneko n'komwe ndinaphunzira kutukwana, kuwerenga malamulo a ofusayidi, ndi kudya nzimbe popanda mpeni. Kunali madala ena omwe ankabwera ndi wayilesi n'kuiika pakhutu, kumvera Chunga akufotokoza gemu yomwe iwo eni akuionera. Oyimbira akalakwitsa, sitandi yonse inkadziwa mudzi womwe amachokera ndi mbiri ya makolo awo. Munthu wovala taye wa ku ofesi ndi wogulitsa makala ankagawana chimanga chootcha, ndipo chigoli chikalowa unkapezeka wanyamulidwa ndi munthu yemwe sunamuonepo chibadwire.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala mkulu wina yemwe ankasewera kumbuyo mu timu ya kampani ina ya boma. Dzina lake ndilisunga. M'mawa tinkakumana naye pampopi ali ndi ndowa ngati wina aliyense. Ankagwira ntchito yosunga katundu kusitolo ya kampaniyo, ndipo ankaweruka msanga kupita kutirenin'i. Loweruka m'mawa ankakhala pachitseko kupaka polishi mabutsi ake, akuda, achikopa cholimba, omwe anali atasokedwa kangapo ndi wosoka nsapato wa pamsika. Ife ana tinkalimbirana kumunyamulira chikwama mpaka pamsewu. Akachinyitsa chigoli, mawa lake amayi a pampopi ankamufunsa maso ndi maso kuti, "Achimwene, dzulo munagona kuti?" ndipo iye ankangoseka. Munthu wotero sungamutukwane mopyola muyeso, pakuti mawa mudzabwerekana mchere.

Anzanga a msinkhu wanga akamadandaula amakonda kunena kuti kale mpira unalibe za malonda. Pamenepo ndimatsutsana nawo. Tangomverani mayina omwe tinkaimba: Bata ndi nsapato, Limbe Leaf ndi fodya, Yamaha ndi njinga zamoto. Admarc Tigers, MDC United, Hardware Stars, Sucoma, Escom United, Silver Strikers ya Reserve Bank. Zikho nazo zinali Chibuku Cup, Press Cup, 555. Ngakhale Super League itayamba mu 1986 inabwera ndi dzina la malezala, Gillette Nacet. Makampani analipo kuyambira kale. Kusiyana kwake n'kwakuti kampaniyo inali pamsewu womwewo womwe timadutsa, osewera inkawalemba ntchito, ndipo munthu mpira ukamuthera ankatsala ndi desiki kapena makiyi a sitolo.

Komanso kale limenelo linali ndi nkhanza zake. Kinnah Phiri, yemwe mpaka lero palibe wamupyola pa zigoli za Flames, anapeza mwayi wokasewera kunja akuluakulu n'kumukaniza, mpaka anakathera ku Swaziland, ku Manzini Wanderers. Munthu wotero akanabadwa mochedwerako bwenzi zidzukulu zake zikudya za miyendo yake. Ndiye ndikamva wina akuti osewera a lero ndi adyera chifukwa akufuna kontirakiti yolembedwa, ndimamufunsa ngati iye angagwire ntchito yolipidwa m'manja ndi nthungululu.

Zaka zomwe ndinali pasukulu zinali zokoma. Mu 1984 tinapita koyamba ku Africa Cup of Nations ku Ivory Coast. Mu 1987 tinabwerako ku All Africa Games ku Nairobi ndi mendulo ya nambala 3 titagonjetsa Cameroon. Mu 1988 Zambia inalawanso mkwapulo mu ndime yotsiriza ya East and Central. Tinkaona ngati ndi mmene zidzakhalire mpaka kalekale.

Zinthu zinatembenuka ndili kale pantchito. Makampani a boma atayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1990, eni atsopano ankayamba ndi kufufuta mzere wa mpira m'mabuku a ndalama. Matimu omwe tinakula nawo anazimirira imodziimodzi, ena n'kumangosintha mayina kutsata yemwe wabwera ndi chikwama. Bullets yathu inakhala Total Big Bullets, kenako Bakili Bullets, ndipo mu 2004, ndalama za pulezidenti zili m'thumba, inatulutsa Orlando Pirates n'kufika m'magulu a CAF Champions League, Kinnah ali mphunzitsi, Peter Mponda ndi Fischer Kondowe ali m'bwalo. Ndalama zija zitaphwa tinabwerera ku mbale yopemphetsa, mpaka kudzafika kampani ya ndudu ya Nyasa. Noma nayo inadutsa m'manja mwa a matelefoni, kenako a Be Forward ogulitsa magalimoto akale a ku Japan. Mkulu wa kuseri kwathu uja timu yake inathetsedwa, ntchito n'kuthera limodzi. Ndinadzakumana naye ku Limbe patapita zaka, akulondera pa shopu ina, bondo lakumanja litatupa. Anandizindikira iye poyamba. "Si iwe unkandinyamulira chikwama?" Sanadandaule kanthu. Anangondifunsa ngati amalume akadali a Noma.

Nthawi yomweyo m'makwalala munadzadza mavidiyo sho. Kashedi ka malata, mabenchi a matabwa, dishi padenga, jenereta kuseri podikira kuzima kwa magetsi, ndi bolodi panja lolembedwa ndi choko: Man U vs Arsenal. Inenso ndinalowamo, ndipo mpira wake ndi wokoma, palibe angatsutse. Kapinga wosalala, makamera paliponse, chigoli kuchibwereza katatu. Koma Loweruka masana, nthawi yomwe tinkakhala ku Biafra, ndi nthawi yomweyo Premier League inkayamba, ndipo mwana wa mu Ndirande anayamba kunena kuti "ife" akutanthauza timu ya ku London komwe sadzapondako. Ndalama ya pageti inasamukira kwa mwini dishi, ya jezi inapita pa kaunjika.

Mwana wanga wachisamba ndi wa Arsenal. Amadziwa malipiro a pasabata a osewera aliyense kumeneko, ndipo ndi iye anandiuza mu 2017 kuti Neymar wagulidwa ndi PSG pa mayuro 222 miliyoni. Tinayesa kuzisintha kukhala makwacha pakakyuleta ya foni, manambala n'kusefukira. Mu Epulo 2021, matimu 12 olemera a ku Ulaya atalengeza ligi yawoyawo yopanda kutsika, anakwiya zedi, n'kumandionetsa masapota a ku England akuchita zionetsero mpaka ganizolo linagwa pasanathe sabata. Ndinamufunsa kuti, "Nanga iwe akanakufunsa ndani?" Sanayankhe. Ndinamutengerapo ku derby, pa kapeti wa pulasitiki yemwe anayalidwa pa Kamuzu Stadium, ndipo theka la gemu maso ake anali pafoni.

Chomwe chimandipweteka kwenikweni ndi kubetcha. Mnyamata wa lero saonera gemu imodzi, amaonera tikiti. Amasanja matimu khumi, ena a ligi ya ku Turkey kapena ku Belgium omwe sangatchule osewera wake ngakhale mmodzi, ndipo akalira madzulo sikuti timu yake yagonja, koma kuti "imodzi yandiphera tikiti". M'vidiyo sho mumamva munthu akukuwa kupempha kona, chifukwa wabetcha makona. Bambo anga Bullets ikaluza sankadya nsima, koma ndalama ya ndiwo inkakhala ili m'thumba.

Pa 25 Januwale 2022 tonse tinali pabalaza, Flames ikusewera ndi Morocco ku Yaoundé, koyamba m'mbiri yathu kufika mu ndime ya matimu 16 ku Africa Cup of Nations. Gemu isanapite patali, Gabadinho Mhango anaona goloboyi wasuntha, n'kuumenya ali kutali kwambiri, mpira n'kukagwera muukonde. Lokeshoni yonse inaphulika. Mwana wanga uja analumpha mpando, kundinyamula ine bambo ake, kukuwa mpaka mawu kutha. Kenako ndinaona nkhope yake yasintha, wakhala pansi, watulutsa foni.

"Watani iwe?"

"Adadi, ndaika Morocco."

En-Nesyri anabweza chigolicho tisanapite kopuma, Hakimi n'kumaliza ndi firikiki, 2-1. M'mawa mwake mnyamata anabwera ndi shuga, buledi ndi majarini za ndalama yomwe anawina. Amayi ake analandira ndi manja awiri n'kutereka tiyi. Ine ndinadya mbatata ya dzulo ndi madzi.

Mu gawo lotsatira ndidzabwerera m'mbuyo pang'ono, ku 1992, chaka cha chilala ndi kalata ya mabishopu, chomwenso ndinayamba ntchito yanga yoyamba ku Limbe.