Sabata yokonzekera patrol kumpoto kwa Canada

Likulu la Joint Task Force North, gulu la asilikali a Canada loyang'anira kumpoto kwa dzikolo, lili ku Yellowknife, ndipo lili ndi timaofesi tina ku Whitehorse ndi ku Iqaluit. Limayang'anira Yukon, Northwest Territories ndi Nunavut, dera lomwe ndi pafupifupi 40 peresenti ya mtunda wonse wa Canada. Asilikali a pamtunda, a pamadzi ndi a mumlengalenga onse amamvera mkulu mmodzi. Kwa ife a mu ofesi yoona za katundu ndi maulendo, kuteteza dera limeneli m'mwezi wa Malichi kumatanthauza kuwerengera malita, makilogalamu ndi liwiro la mphepo. Ku Nunavut kulibe msewu wochokera kummwera. Katundu wolemera amabwera pa sitima ya pamadzi nthawi yotentha yokha, ayezi akasungunuka, ndipo chomwe chinaiwalika pamenepo chimayenera kukwera ndege pa mtengo wowawa.

Lolemba limayamba ndi a zanyengo, kenako mapu. Tinene kuti patrol ichoke ku Resolute, makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Yellowknife, komwe kuli malo ophunzitsirako asilikali za ku Arctic omwe anatsegulidwa mu 2013. Njira yomwe tajambula pa kompyuta timaitumiza kwa sajeni wa ma Canadian Rangers a m'deralo, anthu a m'midzi ya komweko omwe amagwira ntchito ya usilikali mwa apo ndi apo. Ma Ranger analipo kuyambira 1947, ambiri kumpotoku ndi a Inuit ndi mitundu ina ya eni nthaka, ndipo sajeni wawo amasankhidwa ndi anzake omwe ali naye mu patrol. Kawirikawiri mapu amabwerera atakhwatchidwa. "Bwana, apa madzi amathamanga pansi, ayezi wake ndi wopyapyala chaka chonse, tizungulire uku." Kuzungulirako kumawonjezera mtunda, ndiye masamu onse amayambanso. Wanzeru satsutsana naye sajeniyo.

Lachiwiri ndi tsiku la mafuta, ndipo apa ndiye pagona ntchito yonse. Tiyerekeze kuti pali ma snowmobile (njinga zamoto zoyenda pa chipale) 8, ulendo wa makilomita 600 kupita ndi kubwera. Iliyonse ikukoka qamutiik, chingolo chathabwa chopanda mateyala chomwe chimatsetsereka pa chipale. Ikalemedwa chonchi timaiwerengera malita 25 pa makilomita 100 aliwonse, zomwe zikupereka malita 1,200. Timawonjezerapo gawo limodzi mwa magawo atatu chifukwa cha kusochera, chipale chofewa chomwe chimamiza lamba, ndi kulizira injini m'mawa kuti itenthe. Afika malita 1,600, kapena kuti madiramu 8 a malita 205. Diramu lodzaza petulo limalemera pafupifupi makilogalamu 170, choncho mafuta okha apitirira tani imodzi ndi makilogalamu 300. Kuwakoka onse kungachititse ma snowmobile kumwa mafuta ochuluka pofuna kunyamula mafuta omwewo. Ndiye timasiya madiramu ena panjira pasadakhale.

Amakasiya ndi a 440 Transport Squadron, gulu la asilikali a mumlengalenga, omwe ali ndi ndege 4 za CC-138 Twin Otter ku Yellowknife. Ndegeyi ikavekedwa ma ski, mapazi aatali otsetsereka pa chipale, imatera pa ayezi, koma imanyamula madiramu ochepa pa ulendo umodzi, ndipo mtunda ukatalika katundu amachepanso poti nayo iyenera kusenza mafuta ake obwerera. Diramu lililonse limalembedwa mtundu wa mafuta, malo ake amasungidwa pa GPS, ndipo pamazikidwa ndodo yaitali chifukwa mphepo ya usiku umodzi imatha kulikwirira. Cholakwika chofala ndi madzi. Diramu losadzaza limachita thukuta m'kati, timadontho timaundana, kenako timatseka sefa ya mafuta pakati pa ulendo. N'chifukwa chake mafuta amathiridwa kudzera pa fanelo ya sefa nthawi zonse, ndipo amene akuthira savula magolovesi: petulo wozizira kufika madigiri -40 Celsius akakhudza khungu amaliumitsa nthawi yomweyo. Dizilo wamba amalimba ngati phala la dzulo, choncho majenereta amafuna dizilo wa m'nyengo yozizira. Mafuta a ndege a Jet A-1 amapirira mpaka -47.

Naphtha, mafuta a masitovu, ali ndi mzere wakewake pa pepala, ndipo ongofika kumene amamuchepetsa. Madzi onse akumwa amachokera ku chipale chosungunula pamoto, ndipo poto wodzaza chipale amatulutsa madzi ochepa kwambiri. Sitovu ikazima, palibe madzi, palibe chakudya chotentha, zovala siziuma.

Lachitatu timaona zida ndi zovala. Ma Ranger amabwera ndi ma snowmobile awo ndipo boma limawalipira pa kagwiritsidwe ntchito kake, ndiye makina amakhala a mitundu yosiyanasiyana. Malamba osinthira, mapulagi ndi mabering'i ayenera kugwirizana ndi makina aliwonse payekhapayekha. Qamutiik imamangidwa ndi zingwe, osati misomali, kuti izipindika ikamadumpha pa ayezi wokhakhala, yokhomedwa imathyoka. Mfuti yawo ndi C19 ya zipolopolo za .308, yomwe inalowa m'malo mwa Lee-Enfield yakale ija. Ntchito yake yeniyeni ndi kudziteteza ku zimbalangondo zoyera ndi kusaka chakudya. Usiku imagona panja. Ikalowa mu tenti yofunda imachita thukuta, ndipo ikatulukanso bolt yake imaundana. Oyilo wambiri nayenso amaigwira, ndiye imapukutidwa mpaka kutsala pang'ono kuuma.

Lachinayi ndi la mauthenga. Ma satellite ambiri amakhala pamwamba pa equator, ndiye munthu akafika kumpoto kwenikweni amawaona ali pansi penipeni m'chizimezime, mwina osawapeza n'komwe. Timadalira mafoni a Iridium, omwe ma satellite ake amadutsanso kumpotoko, ndipo wailesi yofika kutali ya HF imakhala yogwiritsa ntchito mafoniwo akalephera, ngakhale nayo imasokonezeka kuwala kwa aurora, komwe kumaoneka kumwamba usiku kumpotoko, kukakula. Kampasi ya maginito siikhulupirika kufupi ndi North Pole. Mabatire amasungidwa m'thumba la m'kati mwa jekete, apo ayi amafa asanagwire ntchito. Timagwirizana maola oti patrol iziimba foni tsiku lililonse komanso chochita ikapanda kuimba, chifukwa opulumutsa anthu m'dera lalikulu la Arctic amatsogoleredwa kuchokera ku Trenton, ku Ontario, ndipo ndege ya Hercules imatenga maola ambiri kuti ifike. Patrol iyenera kukhala yokonzeka kusamala wovulala yokha usiku wonse, mwinanso kupitirira.

Adokotala amabwereza zomwezo chaka ndi chaka. Kuzizira pamodzi ndi mphepo kukafika -40, khungu losaphimba limauma pa mphindi 5 mpaka 10, choncho aliyense amayang'ana nkhope ya mnzake kufunafuna mawanga oyera pa mphuno ndi m'masaya. Thukuta ndi mdani: wokumba chipale avule chovala chimodzi asanayambe. Sitovu ikamayaka mu tenti, pamwamba pakhale potseguka ndipo munthu mmodzi akhale maso, poti mpweya wa carbon monoxide sununkha.

Lachisanu linayenera kukhala tsiku lonyamuka, koma nthawi zambiri mphepo imakana. Chipale chikamauluka, woyendetsa ndege sasiyanitsa pansi ndi kumwamba, ndipo Twin Otter imakhala pansi. Tsiku lililonse lodikira limadya chakudya ndi naphtha zomwe zinawerengedwera ulendo, ndiye Loweruka timabwereranso ku pepala la Lachiwiri kuona ngati zotsala zikukwanabe kapena njira ifupikitsidwe. Pa pepala lomwelo timawonjezera maulendo ena a ndege oti akatole madiramu opanda kanthu patrol ikabwerako, chifukwa malo amenewo ndi omwe anthu a m'midzi amasakako nyama, ndipo diramu lililonse lomwe linatuluka liyenera kubwerera.