Sikelo ya venda ndi ulendo wanga wa ku Scotland

Uthenga woti ndasankhidwa kukagwira ntchito yongodzipereka ku Scotland unandipeza ndili patchuthi kwathu ku Chikwawa. Tulo tinathera pomwepo. Usiku uliwonse ndinkangoona pafoni nyengo ya ku Glasgow: kumeneko sikunkafika n'komwe madigiri 15, pamene ife kuchigwa kuno Okutobala akutiwotcha pa 40. Nditawerenganso kuti mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndinayamba kulilemekeza dzuwa lathu lankhanzali.

Chintchito chinali kufotokozera akunyumba. Tauni yomwe ankatitumiza ndi Blantyre, kufupi ndi Glasgow, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813, komwenso kunachokera dzina la Blantyre wathuyu.

"Nanga pasipoti ndi ya chiyani?" anafunsa agogo. "Ku Kabula si minibasi imodzi basi? Ukwera pa Dyeratu, ukakwera phiri wafika."

Tinalimbana nawo mpaka anangovomera pofuna mtendere. Kenako ndinanena za ntchito: kukathandiza pamalo ena a mpingo pomwe amagawa chakudya kwa mabanja osowa. Amayi anasiya kupeta, n'kuika lichero pansi.

"Azungu akulandira chakudya chaulere? Ndiye kuti kuli njala. Mwana wanga sangapite chimanjamanja ku dziko la njala."

Mawa lake chikwama chinayamba kudya. Munalowa ufa woyera, nsinjiro, mfutso, nyemba, usipa, ndi milamba yowamba ya mu Shire. Malume anabweretsa chijasi chomwe anabwera nacho ku Joni ine ndisanabadwe, cholemera ngati mbuzi yaing'ono. Inenso ndinawonjezera majuzi a pakaunjika.

Pa tikiti analemba kuti chikwama chisapitirire makilogalamu 23, ndipo sikelo yomwe tinkaidziwa inali ya venda wina wogula nandolo pamsika. Anakoleka chikwama pa mbedza, n'kutsinzina diso limodzi.

"Makilo 17, bwana."

"Ndiye malo alipo," anatero amayi. Munalowa mphika, mthiko, chipande, ndi ufa wina. Titabwereranso, sikelo inati 22, tonse tinaomba m'manja. Aliyense wolima nandolo amadziwa kuti sikelo ya venda imadya makilo, ndipo amayi amadandaula nayo chaka ndi chaka. Koma tsiku limenelo inkanama mokomera ife, ndiye palibe anaikayikira.

Ku Chileka tinapita pa pikapu, mudzi wonse kumbuyo, akuimba nyimbo za kwaya. Ndinakweza chikwama pa sikelo ya pabwalo la ndege ndili ndi mtima wa munthu wokhoza mayeso. Manambala anathamanga, kudutsa 23 osapereka n'komwe moni, n'kukaima pa 31.

"Achimwene, muchotsemo zina kapena mulipire," anatero mayi wa pakauntala. Mtengo atautchula m'madola, malume anavula chipewa.

Msuweni wanga, yemwe sanakwereko ndege koma amadziwa zonse, anandikokera pambali. "Aise, zomwe wavala sayeza." Amayi anali atakhala kale pa ufa, akuti ukachoka umenewo inenso sindipita. Choncho zovala ndizo zinatuluka. Ndinavala malaya pamwamba pa malaya, majuzi onse, thalauza pamwamba pa thalauza, n'kumaliza ndi chijasi cha malume. M'matumba mwake anandilongeramo nyemba ndi milamba. Inali nthawi ya nkhomaliro, phula likunyezimira panja. Manja anakana kutsika, ndinkayenda chotang'adza, thukuta likutsikira m'nsapato. Agogo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Taonani, sanafike n'komwe koma wanenepa kale."

Ndiye pamalo osecha anthu, wachitetezo anati, "Vulani jekete." Ndinavula. "Juziyonso." Ndinavula. Pansi pake panali ina. Mzere kumbuyo kwanga unayamba kuwerenga mokweza, mwana wina akuombera m'manja juzi iliyonse ikachoka. Ponyamula chijasi kuti ndichiike pa lamba wa makina, jumbo ya nyemba inaphulika. Nyemba zinamwazika pasimenti, zina kukafika kumapazi a abusa ena ovala kolala, omwe anagwada n'kuyamba kundithandiza kutola. Kuseri kwa galasi ndinaona amayi akuloza ndi chala zomwe zinathawira pansi pa benchi.

Zovala ndinazivalanso zonse, popeza m'chikwama munalibe malo. M'ndege anandipatsa mpando wapakati, lamba anangokwana movutikira, ndipo fungo la m'matumba a chijasi linayamba ulendo wake ndege isananyamuke. Mzungu wa kumanzere anatembenukira kuwindo. Bambo wa kumanja, wovala suti, ananunkhiza kawiri, n'kuweramira kwa ine.

"Pepani achimwene, milambayo ndi yogulitsa?"