Chifanizo cha DNA cha waya: kumangirira cisplatin pa ma G awiri

Chifanizo chathu cha DNA, chooneka ngati makwerero opotoka, chaimirira tsopano pathabwa, masitepe 12. Muyeso wathu ndi woti angstrom imodzi (kamuyeso kakang'ono koyesera maatomu) ikhale sentimita imodzi, ndiye masitepe atalikirana masentimita 3.4, lililonse lapotoka madigiri 36, ndipo m'mimba mwake ndi masentimita 20. Waya ndi womwe ana amapangira magalimoto, wa kumsika wa Kapata. Katoni imafewa nyengo ya mvula ino, choncho ma A, T, G ndi C, zidutswa zopanga masitepewo, tadula m'zigubu zakale.

Sabata ino tili pa cisplatin, mankhwala a khansa aja. Platinamu, atomu ya pakati pa cisplatin, ndi chitsekerero cha botolo chokhala ndi mikono inayi yogona chafulati, yosiyana madigiri 90. Iwiri ya amoniya ndi masentimita 2, iwiri ya kloraidi ndi 2.3, ndipo ya kloraidiyo iyandikane. Kloraidi musamate ndi guluu, ingokolekani. M'magazi, momwe kloraidi ndi wambiri, sachoka. Mkati mwa selo ndi wochepa kwambiri, ndiye madzi amalowa m'malo mwake, kenako platinamu imagwira N7, atomu ya naitrojeni ya guanine (G), mu ngalande yaikulu mwa ngalande ziwiri zozungulira DNA.

Povuta ndi apa. Mikono iwiri ya masentimita 2 yosiyana madigiri 90 imafuna kuti ma N7 awiri atalikirane masentimita 2.8 okha, pomwe ma G oyandikana ali pa 3.4. Ngati msana wa chifanizo ndi nsungwi imodzi yolimba, mungakoke bwanji sizikumana, chigubu chimangong'ambika pa bowo. Dulani nsungwiyo pakati pa ma G awiriwo, mulumikize ndi waya wofewa ndi legeni. Ma G akapendekerana, makwerero onse amapindikira ku ngalande yaikulu. Ife taika madigiri 35 mpaka 40, monga gulu la wasayansi Stephen Lippard linaonera m'makristo mu 1995. Kuseri, ngalande yaying'ono imayasama, ndipo m'selo ndi pomwe mapuloteni a HMG, ogwira DNA yopindika, amakhala.

Tasankha GG pa chingwe chimodzi chifukwa ndiko kugwira kofala, pafupifupi 65 pa 100 alionse. AG imatsatira ndi 25.

Transplatin, yokhala ndi maatomu omwewo a cisplatin koma osanjidwa mosiyana, ndi yoyenera kupanganso, sitenga nthawi. Kloraidi zake zimayang'anana pa madigiri 180, ndipo mukaiyesa pa ma G omwewo, mkono wachiwiri umaloza kutali osafika pa N7. Yatsala ndi oxaliplatin, mankhwala ena a khansa okhala ndi platinamu, yomwe mphete yake ikufuna waya wokhuthala kuposa uyu.